Kukonzekera mayeso a masamu oyambira ku koleji

Zikomo amayi ndi abambo pobwera. Inu achinyamata mwakhala kumbuyoko, tasunthirani kuno, nkhaniyi mwini wake ndinu.

Makoleji ambiri, makamaka a ku America, akalandira wophunzira samulowetsa m'kalasi ya masamu nthawi yomweyo. Amayamba amupatsa mayeso kuti aone pomwe wafika. Pa mayeso amenewa palibe kukhoza kapena kulephera, chifukwa malo ku koleji mwawapeza kale. Koma musatayirire. Zotsatira zake n'zimene zimasankha kalasi yomwe muyambire. Akakuikani m'munsi, mutha semesita imodzi kapena awiri mukubwereza za ku sekondale, fizi mukulipira, ndipo m'makoleji ambiri makalasi obwerezawo sawerengedwa pa digiri. Kwa amene akufuna uinjiniya kapena sayansi n'zopweteka kwambiri, poti maphunziro ena samulola munthu kuwayamba asanamalize masamu ake. Masamu akachedwa, zonse zimachedwa.

Mayina awiri amene mudzawamve kawirikawiri ndi ACCUPLACER, a bungwe la College Board, ndi ALEKS, a kampani ya McGraw Hill. Onse amalembedwa pa kompyuta, ndipo kompyutayo imasankha funso lotsatira poona momwe mwayankhira lapitalo. Mukakhoza imakupatsani lovutirapo, mukalakwa imakupatsani lophwekerapo. Ndiye mukaona mafunso akulimba musachite mantha, ndi chizindikiro choti zikuyenda. Dziwaninso kuti funso mukalidutsa simungalibwererenso. Pa ACCUPLACER gawo lililonse la masamu lili ndi mafunso 20 osankha yankho, ndipo malikisi ake amayambira pa 200 kulekeza pa 300. ALEKS mafunso ake sapitirira 30, malikisi ndi 0 mpaka 100, koma kumeneko mayankho osankhapo kulibe, mumalemba nokha. Kalikyuleta yanu isiyeni. Imaoneka yokha pa kompyutapo pa mafunso amene yaloledwa, ena onsewo ndi pepala ndi pensulo.

Tsopano mvetserani bwino, apa ndiye pagona nkhani. Ambiri amene amaikidwa m'munsi si kuti masamu sawadziwa. Anaiwala. Ndipo chimene chimawagwetsa si zovuta zija amaziopa ayi, ndi tinthu ta ku pulayimale.

Ndikufunseni: theka kuphatikiza gawo limodzi mwa magawo atatu, 1/2 ndi 1/3, yankho n'chiyani? Ndamva wina akuti 2/5. Waphatikiza zam'mwamba pazokha, zam'munsi pazokha. Koma taganizani, 2/5 ndi yochepa kuposa theka lomwe tinayamba nalo. Munthu angawonjezere chinthu n'kutsala ndi zochepa? Timayamba tafananitsa zam'munsi: 3/6 ndi 2/6, yankho 5/6. Amene sanagwire zimenezi, akakumana ndi 1/x kuphatikiza 1/y mu aljebura amagweranso pomwepo, chifukwa lamulo lake ndi lomwelo, manambala angosanduka zilembo.

China ndi ichi. Nambala 100 ikwere ndi 20 peresenti, kenako itsike ndi 20 peresenti. Ambiri amati yabwerera pa 100. Ayi. Inafika pa 120, ndipo 20 peresenti ya 120 ndi 24, ndiye yatsala 96. Nanga kachizindikiro kochotsera kaja kutsogolo kwa mabulaketi? 10 kuchotsa (x kuchotsa 3) si 7 kuchotsa x, ndi 13 kuchotsa x. Kamzere kamodzi kameneka kamadya malikisi ambiri zedi.

Pokonzekera, yambani ndi mayeso oyeserera musanawerenge kalikonse. College Board imapereka mafunso oyeserera aulere pa intaneti, Khan Academy, webusaiti yophunzitsa masamu ndi maphunziro ena, nayo ndi yaulere. Palipose pomwe mwalakwa lembani, ndi chifukwa chake: sindinadziwe njira, kapena ndinapupuluma? Mukatero mwadzipezera zoti muwerenge. Theka la ola tsiku lililonse kwa milungu ingapo limaposa kuchezera usiku wonse mawa lake kuli mayeso. Ndipo kuonerera wina akusova pa vidiyo si kuphunzira masamu. Tsekani foni, sovani nokha mpaka dzanja lizolowere.

Inu makolo, ndikupempheni chinthu chimodzi. Makoleji ena amalola kulembera mayesowa kunyumba popanda woyang'anira. Musamuitanire mkulu wake kuti amuuzire, musamulole kufufuza mayankho pa foni. Ndikudziwa kuti mumachitira chikondi, koma mwanayo akaikidwa m'kalasi yomupitirira adzakhalamo yekha, mphunzitsi akuthamanga, iye maziko alibe. Kulephera kumeneko ndiye kumalembedwa pa zotsatira zake, ndipo ena masamu amadana nawo mpaka kalekale chifukwa cha zimenezi. Ngati wayesetsa moona mtima n'kuikidwa m'munsi, musamunyoze, ayambire pomwepo.

Musanalembe, funsani koleji yanu kuti imagwiritsa ntchito mayeso ati, malikisi ofunika pa kalasi yomwe mukufuna ndi angati, komanso ngati amalola kulembanso, poti koleji iliyonse ili ndi malamulo ake. Pa ALEKS, mukalemba koyamba amakutsegulirani maphunziro olunjika pomwe munafooka, ndipo makoleji ambiri amafuna mutherepo maola angapo musanayesenso.

Amene muli ndi mapepala tulutsani. Tiyambe ndi ili: 3/4 kugawa ndi 1/2. Foni m'thumba, ndipo musanasove mundiuze kaye ngati yankho lipose 1 kapena ayi.