Galimoto ikatentha itachoka kwa dealer, musayambe mwaitsegulitsa kwina

Eee, achimwene, uthenga wanu uja ndauona, ndiye ndati ndingolankhula, kulemba ndichedwa. Ndaima pa Ginnery Corner pano ndikudikira alamu anu, mukamva mahutala musadabwe.

Ndiye mwati galimoto munaitenga Lachisanu, anakonza injini pa waranti, simunalipire kalikonse, koma dzulo muli pa jamu ya pa Chichiri singano ya temperecha inayamba kukwera. Chabwino. Choyamba... ayi dikirani, ndisanafike pa choyambapo. Singano ikapitirira pakati, imani, zimitsani injini. Osati "ndingofika kunyumba". Ndipo chivindikiro cha rediyeta osachitsegula injini ikadali yotentha, madzi aja amalumpha, mupsa nkhope. Izo mukudziwa kale.

Choyamba chenicheni ndi ichi: munthu wina aliyense asaikhudze. Aliyense. Kaya ndi makanika wanu wakalekale uja, kaya ndi mwana wa amalume amene anaphunzira ku Soche Technical, asaike sipanala. Ine ndi pamenepa pamene ndinapsa, ndiye mundilole ndichedwepo.

Yanga ija, mukuikumbukira, yoyera ija. A dealer anasintha gasiketi, ija imatseka pakati pa injini ndi mutu wake kuti madzi ndi oyilo zisasakanikirane, patangotha masiku anayi galimoto ikuwira. Linali Loweruka masana, kwa dealer atatseka. Ndiye ndinati aaa, ndidikire mpaka Lolemba? Ndinatsetsereka nayo ku Ndirande kwa makanika wina amene ndimamudziwa. Munthuyo ndi waluso ndithu, sindikumunyoza ayi. Anangoyang'ana, akuti bwana vuto ndi thermostat, kachipangizo kotsegulira madzi njira ya ku rediyeta injini ikatentha kaja, izi ndi za kumaiko ozizira, kuno sitifuna, tichotse. Anachotsa, nandipatsa m'manja, ndinaiponya mu buti. Anathiramo madzi a pampopi, ine ndikuthokoza. Lolemba ndikupita kwa dealer, atsegula boneti, mnyamata wa ovolosi uja angoloza mabawuti awiri pamene pamakhala thermostat paja, akuwala, zikuonekeratu kuti sipanala yadutsapo. Akuti, "Bambo, galimotoyi yatsegulidwa kwina." Basi. Nkhani inasiya kukhala ya gasiketi yawo, inakhala ya thermostat yanga. Ndinayenda miyezi iwiri ndikukangana nawo, ndili pa minibasi.

Ndiye mwandimva? Sindikunena kuti makanika wa m'tauni ndi woipa. Ndikunena kuti pa waranti, mukangotsegulitsa kwina, mwawapatsa pothawira. Ngakhale batire musachotse waya. Eya, batire. Chifukwa kompyuta ya m'galimoto imasunga makodi a vutolo, ndiye mukachotsa waya, pa magalimoto ena makodiwo amafufutika, mukafika kumeneko azikuuzani kuti makina sakuonetsa kanthu.

Zimene mungachite nokha ndi kuona ndi kujambula. Mawa m'mawa, injini itazizira, musanalize. Madzulo ano yalani katoni pansi pa injini, m'mawa muone ngati padontha chinachake, komanso mtundu wake. Oyilo ndi wakuda kapena wabulauni, madzi a rediyeta amakhala obiriwira kapena ofiirira malinga ndi coolant amene anathira. Jambulani. Kenako solorani kawaya koyezera oyilo kaja, mutsegulenso chivindikiro chothirira oyilo, muone kunsi kwake. Mukapeza zoyererako, ngati tiyi wamkaka, kapena ngati chiponde chosungunuka, ndiye kuti mwina madzi akulowa mu oyilo. Pamenepo musalizenso, itanani breakdown. Ndabwereza, musalize. Mukapeza zili bwino, onani botolo la madzi lija ngati latsika pa mzere, mulize, muone kumbuyo. Kautsi koyera ka m'mawa kozimirira msanga si kanthu, makamaka kukazizira ngati mu June. Koma utsi woyera wosatha, wonunkhira motsekemera, ameneyo ndi coolant akupsa. Tengani vidiyo. Jambulaninso makilomita pa dashibodi, ndi getsi lililonse limene layaka.

Musachite mantha kwambiri, nthawi zina ndi zazing'ono. Akatsitsa madzi onse n'kuthiranso osatulutsa mpweya bwinobwino, mpweya umatsekeredwa m'mapaipi, injini n'kumatentha. Kapena aiwala kulumikiza waya wa fani, ndiye pa msewu wautali ili bwino, pa jamu ndi pamene ikutentha, ngati mwanenamo. Koma ngati anatsegula mutu wa injini, mabawuti ake amamangidwa motsatana, pa mphamvu yoyezedwa, ndipo mutuwo ukakhala kuti unapindika ndi kutentha koyamba kuja iwo osauyeza, gasiketi yatsopano sichedwa kupsanso. Koma zimenezo azikanena ndi iwowo. Inu musakawauze kuti "ndi gasiketi". Kanenani zimene mwaona basi.

Aaa, ndakumbukira. Aneba anga ena ku Machinjiri kuja, ndinawauza zomwezi. Akuti ayi amwene, injini yatsopano imatero, ikufuna kuzolowera. Ananyamula banja ulendo wa ku Lilongwe ku ukwati, zigubu ziwiri za madzi mu buti, akuti tizithira m'njira. Anafika pa Zalewa injini inagwira. Kugwira kwenikweni, kiyi kungoti tcha. Anabwera pa breakdown, suti ili m'thupi. Ndipo a dealer anafunsa funso limodzi, kuti getsi litayaka bwanji simunaime? Ndiye musatengere amenewo.

Tsopano mapepala. Job card ya ntchito yoyamba ija muli nayo? Ngati sanakupatseni, kaitanitseni, ngakhale simunalipire. Anthu amaganiza kuti poti ndi zaulere palibe lisiti. Ayi. Pakhale tsiku, makilomita, ndi zipangizo zimene anasintha. Ndipo mukaibweza, atsegule job card ina yatsopano. Apa mvetsetsani. Adzakuuzani kuti, "Ingoisiyani bwana, tingoyang'ana msangamsanga." Kanani mwaulemu. Alembe, inu mukuona, kuti yabwerera chifukwa ikutentha pambuyo pa ntchito ya tsiku lakutilakuti. Muwerenge musanasaine, mutenge kope lanu. Chifukwa waranti imayendera zaka kapena makilomita, chimene chayamba kukwana, onani m'buku lanu lija. Ndiye akamakuzengerezani ndi "tingoyang'ana", tsiku lina adzati waranti inatha, inu mulibe pepala losonyeza kuti munadandaula isanathe. Buku la sevisi lija, la zidindo, mupite nalo. Akalumikiza makina awo, apempheni akusindikizireni makodiwo asanafufute.

Ndinati chiyani... eya, mafoni. Mukalankhula nawo pa foni, tumizaninso uthenga wa WhatsApp kapena imelo wonena zomwezo, kuti zikhale zolembedwa. Akayamba kuzemba, lembani kalata kwa manijala wa sevisi, makope awiri, limodzi adinde mubwerere nalo. Osakalalata pa risepushoni, mtsikana wa pamenepo si amene anamanga mabawuti.

Zikakanika pamenepo, kuli a Competition and Fair Trading Commission, amalandira madandaulo a ogula. Kulinso a CAMA, bungwe loimira ogula, kwa a John Kapito aja mumawamva pa wailesi. Lamulo loteteza ogula lilipo, la 2003. Koma konseko chimene adzayambe kufunsa ndi mapepala omwewa, ndiye musataye ngakhale lisiti ya breakdown.

Madzi aja, ndaiwala, ngati atsika kwambiri musadzaze ndi a pampopi. Jambulani kaye, muwaimbire, anene okha chochita, kapena abwere adzaitenge. Ndipo thermostat... eya ndanena kale. Alamu anu afika ndi majumbo, ndikatsegule buti. Mawa mukaona katoni ija munditumizire chithunzi.