Bondo Langa ku Leicester

Moni nonse amene mukumvetsera, kaya muli kumudzi kapena kuno kunja. Ndikulankhula kuchokera ku Leicester, m'dziko la England, kumene ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo lero ndikufotokozerani za bondo langa lakumanzere, limene linandigoneka m'chipatala m'nyengo yachisanu yapitayi.

Linayamba kuwawa usiku ndili pa ntchito. Ndinangoti ndi nyamakazi, monga amanenera amayi, choncho ndinalithowa ndi madzi otentha n'kupitiriza kugwira, pakuti kuno tsiku limene wajomba ndiye kuti ndalama ya lendi yaperewera. Pofika tsiku lachitatu bondolo linali litatupa, likutentha ngati mbatata yongovuula kumene paphulusa, moti kuliponda kapena kulipinda kunali kosatheka. Kuchipatala adokotala analowetsa singano m'bondomo n'kukoka madzi achikasu osakanikirana ndi mafinya, ndipo atawayeza anapezamo Staphylococcus aureus, bakiteriya amene ambirife timakhala naye pakhungu ndi m'mphuno popanda vuto, koma amene amayambitsa matenda otere kuposa wina aliyense. Ananditsuka m'bondomo pa opaleshoni, n'kundiika pa diripi ya mankhwala.

Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti mabakiteriya atayamba kufa, ululu ndi kutupa sizinathe msanga. Adokotala ena achitsikana, amene ankabwera m'mawa uliwonse, anandiuza kuti choononga bondo si bakiteriya yekha, koma chitetezo changa chomwe. Maselo a m'thupi amatumizirana uthenga ndi timapuloteni totchedwa cytokines. Tina, monga TNF, IL-1 ndi IL-6, tili ngati mfuu ya pamudzi wakuba akalowa m'khola: aliyense amathamangirako ndi chibonga. IL-6 ndiye amauza chiwindi kupanga CRP, puloteni yosonyeza kukula kwa kutupa, imene ankaiyeza m'magazi anga kawirikawiri. Tsoka lake, maselo oyera a m'magazi, amene amalimbana ndi majeremusi, akaunjikana m'bondo amatulutsa zinthu zimene zimadyanso chichereŵechereŵe, chomwe chilibe mitsempha ya magazi ndipo sichimereranso bwino chikaonongeka.

Ndiye pali tina toleretsa, monga IL-10, TGF-beta ndi IL-1Ra. IL-10, amene anadziwika mu 1989, amakhala ngati mfumu imene ikuuza khamu kuti zakwana, aliyense abwerere kwawo, pamene IL-1Ra amakakhala pamalo pamene IL-1 akanafikira kuti uthenga wake usamveke. Ku Gothenburg, m'dziko la Sweden, akatswiri anaona kuti mbewa zopanda IL-10 zinkadwala kwambiri m'mafundo zikapatsidwa bakiteriya yemweyu. Ndinaseka ndekha pabedi poganiza kuti mbewa, ndiwo yathu ya m'chilimwe, ndi zimene zikufotokoza za bondo langa.

Komabe mfumuyo ikafulumira kubalalitsa anthu wakuba adakali m'khola, bakiteriya amapeza mpata, n'chifukwa chake madokotala sathamangira kuzimitsa kutupa mankhwala opha majeremusi asanagwire ntchito. Ku Costa Rica, mu 2003, anasonyeza kuti ana odwala matenda ngati angawa opatsidwa dexamethasone, mankhwala ochepetsa kutupa, kwa masiku ochepa pamodzi ndi opha majeremusiwo ankachira msanga. Ine sanandipatse, ndipo sindinadandaule, pakuti umboni umenewo ndi wa ana.

Panopa ndabwerera ku ntchito, ngakhale kuti m'basi yosanjikizana ndimakhala kumunsi, masitepe ndimawaopa. Amayi akaimba pa WhatsApp amafunsabe ngati nyamakazi ija inatha, ndipo ndimangoyankha kuti yachepa.