Makalata a Omvera: Mutsitseni mwana pa mkeka

Tabweranso ndi makalata anu, ndipo sabata ino zangochuluka ndi za makanda. Ndiyambe ndi iyi ya mayi a ku Ndirande, akuti ndisatchule dzina. Mwana wawo ali ndi miyezi 6, wayamba kukhala koma akangomuika pansi ndi kulira, ndiye kuchapa ali kumsana, kuphika ali kumsana, mpaka msana wawo ukuwawa usiku. Apongozi akuti kumuika pansi ndi nkhanza.

Eee mayi, iyi yandikhudza chifukwa kwathu zinalinso chonchi. Kubereka sikolakwa, tonsefe tinakulira mu chitenje, koma khosi ndi msana wa mwana sizilimba ali womangidwa tsiku lonse. Yalani mkeka, chitenje pamwamba, mukhazikeni, m'mbalimu muike mapilo. Mupatseni kapu ya pulasitiki, chipande, kaya botolo loika timiyala lotseka zolimba kuti lizilira akaligwedeza. China muike patali pang'ono azichilondola ndi dzanja, mphamvu zimabwera pomwepo. Akagwera chammbali musadumphe ndi mayo mayo, nkhope yanuyo ndi imene imamuliza, dikirani kaye muone, mwina angotembenuka n'kugwira chala chake cha kuphazi basi. Yambani ndi mphindi 5 zokha, mawa muonjezere. Inu mukhale pompo mukusankha nyemba, akuonani, mukumuyankhula. Koma nyembazo zitalikire, mtedza, mikanda, ndalama zachitsulo, zonse kutali, chifukwa msinkhu umenewu chilichonse chimapita kukamwa. Mbaula ndi ndowa ya madzi ndiye musachite kuuzidwa.

Agogo ngati mukumva, zikomo, tikudziwa ndi chikondi. Khalani naye pa mkeka pomwepo muzimuombera m'manja, mpongozi wanu awongoleko msana.

Bambo a ku Mzuzu mukufunsa zomukhazika m'beseni: kanthawi kochepa palibe vuto, koma m'menemo satembenuka, sangaphunziremo kukwawa.

Achemwali a ku Johannesburg mukufuna kutumiza walker, kampando kamatayala koikamo mwana kuti aziyenda nako. Sungani ndalamazo, ku Canada analetsa kugulitsa zimenezo mu 2004 chifukwa ana ankavulala nazo. Tumizani matewera, hahaha.

Mayi a ku Zomba, mwana wakwana miyezi 9 koma sakukhalabe yekha, tengani buku lake mupite kusikelo akamuone, musadikire malangizo a pa wailesi.

Tsono makalata anayi akunena zofanana, akuti mwana satonthola popanda foni. Abale, khanda la miyezi 7 foni linaidziwa bwanji? Si inu nomwe munaliyambitsa kuti mucheze bwino pa WhatsApp? A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, ananena mu 2019 kuti mwana wosakwana chaka asamaonetsedwe za pa foni kaya TV. Makatuni amamukhazika duu ngati chidole, dzanja silitambasuka, thupi silisuntha, kenako mudzatilembera kuti wachedwa kukwawa. Ine ndiye ndakudzudzulani, mukwiye mukwiye.

Nthawi yatithera, kalata ya ku Kasungu ya mwana woluma bere tiiwerenga sabata yamawa.