Za fumbi la mwezi uno, mverani voisi mpaka ithe

Moni nonse a pagulu pano, amayi ndi abambo, mundimvere kaye nkhani ya fumbi poti Okutobala wafika ndipo kuno kuchigwa kaya ndi ku Ngabu kaya ku Bangula mukudziwa nokha, lole ikangodutsa pamsewu wadothi wakabaza osaonekanso.

Fumbi lomwe mumaliona lija, lodetsa m'mphuno, silivuta kwenikweni. Mamina amaligwira, timaubweya ta mu njira ya mpweya timalikankhira kukhosi, mwatsokomola, zatha. Loopsa ndi losaoneka ndi maso, achipatala amati PM2.5, kuchepa kwake tsitsi limodzi kunenepa kuposa kafumbi kameneka ka 20 ndi kupitirira. Limenelo limatsika mpaka m'timatumba ta mpweya m'mapapo.

Nde kumeneko kuli asilikali a m'thupi, maselo otchedwa macrophage, ntchito yawo kumeza chilichonse chachilendo. Akameza kachilombo amakagaya bwinobwino. Koma kafumbi ka mwala kapena ka mchenga, ka silika, sangakagaye ayi, kamawavulaza mkati, selo ija imafa ndipo isanafe imatulutsa timankhwala toitana anzake, anzake abwera, malo aja atupa, wina ameza kamwala komweko nayenso afa, choncho choncho zaka zikupita mpaka mapapo achita zipsera, auma, munthu kungoyenda pang'ono befu. Ndi matenda aja anabwera nawo azigogo ambiri ochokera ku migodi ya ku Joni, silikosisi. Zipserazo sizichoka, komanso TB imalowa mosavuta poti asilikali afooka.

Tsono chitani izi. Musanasese wazani madzi, ngakhale otsukira mbale omwewo, makamaka inu amene madzi osefukira anakusiyirani matope pakhomo, akauma aja ndi ufa weniweni. Ndikudziwa kumjigo nkutali koma kabeseni kamodzi kakwana. Inu oswa miyala nyowetsani mulu musanayambe kumenya, mukhale moti mphepo izikuwombani kumsana fumbi lizipita kutsogolo, popuntha mapira chimodzimodzi. Ndipo chonde amayi, mwana kumbuyo pa ntchito imeneyi ayi, mapapo ake sanakhwime komanso amapuma mothamanga kuposa inu, msiyeni ndi agogo ake kumthunzi uko.

Masiki oyenera ndi aja olembedwa N95, agwire bwino pamphuno ndi m'masaya. Kansalu kapena mpango kamangotchinga lalikulu lokha, musamati ndavala basi ndatetezeka. Zovala zogwirira ntchito musazikunthire m'nyumba, ziviikeni m'madzi.

Zina zija zoti ukamwa mkaka fumbi limatsukika, aaa ayi, mkaka umapita m'mimba, fumbi lili m'mapapo, sizikumana.

A mphumu muziyenda ndi kopopera kanu kaja masiku ano. Ndipo chifuwa chikatha masabata 2 osasiya, kapena mukutuluka thukuta usiku, mukuonda, musamangogula mapilisi pa golosale, pitani kuchipatala akayeze makhololo, ku zipatala za boma kuyeza TB ndi ulere, ndipo mukawauze adokotala ntchito yomwe mumagwira. Mutumizireko ena omwe sali pagulu pano.