TV yaikulu yakale ikamazima yokha, yambani mwayang'ana wotchi

Omvera athu, amayi ndi abambo, lero tikukambirana za ma TV akuluakulu akale aja okhala ndi chibokosi kumbuyo, amene chithunzi chake chimachokera pansi m'kati mwa bokosilo, n'kukagunda pakalilole wamkulu amene ali kumbuyo, kenako n'kubwerera pa sikirini imene inu mumayang'ana. Makampani anasiya kale kupanga ma TV amenewa. Sony inalengeza zosiya mu 2007, ndipo Mitsubishi, imene inalimbikira mpaka pomaliza, inasiya mu 2012, choncho TV ya mtundu umenewu imene muli nayo pabalaza yadutsa kale zaka 10, ngakhale ikuoneka yonyezimira kunja.

Dandaulo limene limafika kwa ife okonza ndi lakuti, "TV yanga ikumangozima yokha." Mawu amenewa paokha sathandiza wokonza, ndipo inunso sakuthandizani. Musanagwire sikuludiraiva, tengani wotchi, yatsani TV, ndipo muone kuti ikutenga nthawi yaitali bwanji isanazime. Kodi ikuzima pakangopita masekondi ochepa chithunzi chisanabwere n'komwe, kapena ikuonetsa bwinobwino kwa mphindi 20 kapena 30 kenako n'kuzima, kapena ikuzima nthawi iliyonse mosatsata dongosolo? Muonenso kanyali kakutsogolo, ngati kakuphethira, ndipo mutchere khutu kuti mumve ngati fani ikuzungulira.

Ndisanapitirire, pali tizinthu tochepa toti tichotse m'njira. Lowani mu menyu muone ngati mwana sanatchere nthawi yoti TV izizima yokha, ija imalembedwa kuti Sleep Timer. Chotsani pulagi pa ekisitenshoni imene mwalumikizapo firiji ndi ketulo, muilowetse pa soketi yakeyake yapakhoma. Ndipo yang'anani kapepala ka kumbuyo kwa TV. Magetsi athu kuno ndi a mavoliti 230, pamene TV imene inapangidwira ku America imafuna mavoliti 120, ndiye ngati yanu ndi yotero, ikudalira thiransifoma yotsitsa magetsi, ndipo thiransifoma yochepa mphamvu imatentha n'kuyamba kugwetsa magetsi TV ili m'kati mogwira ntchito.

Tsopano za kutentha. Ayi, pepani, ndathamanga. Ndikuona mnzanga muno mu situdiyo wakwinya nkhope, ndipo akunena zoona, chifukwa sindinafotokoze kuti ma TV amenewa alipo a mitundu iwiri, ndipo matenda awo ndi osiyana. Mtundu woyamba, wakale kwambiri, uli ndi machubu atatu m'kati, lofiira, lobiriwira ndi labuluu, ndipo ndi wolemera moti ambiri ali ndi timatayala pansi. Mtundu wachiwiri uli ndi babu limodzi lowala kwambiri, ndipo kutsogolo kapena pa kapepala ka kumbuyo mupezapo mawu akuti DLP, LCD, SXRD kapena D-ILA. Mudzauzindikira chifukwa mukayatsa, chithunzi chimayamba mwamdima n'kumawala pang'onopang'ono, mumamva kulira kwa fani, ndipo penapake, kumbuyo, m'mbali kapena kutsogolo m'munsi, pali kachitseko komangidwa ndi sikuluu. Ndiyamba ndi wa babuwu chifukwa ndi umene mwini wake angathe kuchitapo kanthu ndi manja ake.

Ngati TV ya babu ikuonetsa bwino poyamba kenako n'kuzima patapita nthawi, ndipo mukaisiya kuti izizire ikuyakanso n'kubwereza zomwezo, vuto nthawi zambiri ndi kutentha. Babu limeneli limadya mawati 100 kapena kuposerapo pang'ono, koma mphamvu yonseyo ili pakamalo kakang'ono kwambiri, choncho opanga anaikamo mafani ndi kachipangizo koyeza kutentha, ndipo kutentha kukapyola malire, TV imadzizimitsa dala kuti isapse. Ndibwereze pamenepa, chifukwa ndi pamene anthu amasokonezeka. Kuzimako si vuto lenileni ayi. Kuzimako ndi TV ikudziteteza ku vuto lina. Pali bambo wina amene ndinamulangiza kuti aleke kuiyatsanso nthawi yomweyo ikazima, koma iye, poti kunali mpira, ankangodina rimoti mobwereza mpaka masewero kutha. Pamene ankabwera nayo, pulasitiki yozungulira babu inali itasungunuka, ndipo chimene chikanatha ndi kupukuta fumbi chinasanduka kusakasaka chipangizo chimene sichipezeka m'masitolo.

Ndiye chitani izi. Zimitsani, dikirani kuti fani ileke kulira, kenako chotsani pulagi. Kokani TV ichoke kukhoma, pakhale mpata wosachepera masentimita 10, ndipo chotsani nsalu yoluka ija amayi anayala pamwamba ngati ikutseka timabowo ta mpweya. Tengani bulashi yofewa, ngati yopentera imene sinagwirepo penti, mupukute timabowo tonse. Ma TV ena ali ndi sefa ya fumbi imene imasololoka, itulutseni muikutumule. Nyengo ya fumbi ya Ogasiti mpaka Okutobala, makamaka ngati nyumba ili m'mbali mwa msewu wadothi, sefa imeneyi imatsekeka mofulumira, ndipo mwezi wa Okutobala kutentha kwa m'nyumba momwemo kumawonjezera. Mukayatsanso, ikani dzanja pamene mpweya umatulukira. Ngati simukumva mpweya wofunda ukutuluka, kapena mukumva phokoso lokhula, fani yafa kapena ili pafupi kufa. Ambiri mwa mafani amenewa ali ndi waya wachitatu umene umauza TV liwiro limene fani ikuzungulira, ndiye fani ikangofooka, TV imazima ngakhale isanatenthe, ndipo n'chifukwa chake kuikamo fani iliyonse ya mawaya awiri yochotsa mu kompyuta sikuthetsa vutolo.

Tibwere kwa ija yozima pakangopita masekondi ochepa. Mwayatsa, mwamva fani, mwamva kaphokoso ka "thi, thi" m'kati, mwina mawu akumveka koma chithunzi palibe, kenako zonse zazima ndipo kanyali kakuphethira. Apo TV ikuyesa kuyatsa babu kangapo, ndipo ikalephera imagonja. Pa ma Samsung ambiri a DLP, tinyali tonse titatu takutsogolo tikamaphethira pamodzi, chizindikirocho chimaloza ku babu. Pa ma Sony, werengani kuti kanyali kofiira kakuphethira kangati kasanapume n'kuyambiranso, mulembe nambalayo, chifukwa buku la modelo imeneyo limafotokoza tanthauzo la nambala iliyonse. Babu limatha, ambiri amakhala maola masauzande angapo, ndipo lisanafe limachenjeza, chifukwa chithunzi chimakhala chikuderadera kwa miyezi mpaka kufika poti masana simuona bwino osatseka makatani.

Kuti mulione babulo, tsegulani kachitseko kaja. Koma dikirani, ndisanafike pa chitseko ndinene za kudikira. Babu limeneli lili ndi mekyule (chitsulo chamadzimadzi cha poizoni) m'kati ndipo likatentha limakhala ndi mphamvu yoti likhoza kuphulika, choncho pulagi ikhale yochotsa kwa mphindi zosachepera 30, ndipo ola lathunthu ndi labwino koposa. Likazizira, masulani sikuluu, kokani kabokosi ka babu ndi chogwirira chake, ndipo musakhudze galasi lake ndi zala, chifukwa mafuta a m'manja amapangitsa galasilo kutentha mosiyana n'kusweka. Mukaona kachubu ka pakati katatupa, katachita mbuu, kapena muli timagalasi tosweka, babu latha. Nambala yake yalembedwa pa kabokosiko, monga XL-2400 pa ma Sony ena, kapena nambala yoyamba ndi BP96 pa ma Samsung, ndipo mugule la nambala yomweyo. Lakufalo musalipatse ana kuti aziseweretsa, ndipo musaliponye pamoto wa zinyalala.

Tsopano chitseko chija, ndipo pano ndichedwapo, chifukwa chinandizunza ine mwini pa TV ina imene inabwera kwa ine italowetsedwa kale babu latsopano. Babu linali labwino, balasiti, kutanthauza kabodi kamene kamapereka moto woyatsira babu, inalinso yabwino, fani ikuzungulira, koma TV inkayaka mphindi zingapo n'kuzima, nthawi zina ola lathunthu, nthawi zina munthu akangodutsa pafupi. Kuseri kwa kachitseko ka babu kuli kaswitchi kakang'ono, ndipo pa chitsekocho pali kalilime kapulasitiki kamene kamadina kaswitchiko chitseko chikatsekedwa. Kaswitchiko kakapanda kudinidwa, TV imaona ngati chitseko ndi chotsegula ndipo imakana kuyatsa babu, kapena imalizimitsa pomwepo. Pa TV imeneyo kalilime kanali katapindika ndi kutentha kwa zaka zambiri, moti kankangokhudza kaswitchi pang'ono, ndipo bokosi likafunda n'kufutukuka, kankasiya. Mwamva? Ndinene mwanjira ina. Chitseko chikhoza kuoneka chotseka ndi maso, sikuluu ili pamalo pake, koma kaswitchi kosadinidwa mokwanira. Ndiye mukabwezera babu, likankheni mpaka likhale pansi ndithu kuti mapulagi ake alowane, mangani masikuluu ake onse, ikani chitseko molunjika poyamba ndi mbali ya timano take, ndipo mumve kaphokoso ka kaswitchi kakudinika. Mukakayika, TV ili chiyakire dinani chitsekocho pang'ono ndi chala. Ikazima kapena ikaphethira, mwapeza pamene pali vuto. Anthu ena amamata kaswitchiko ndi tepi n'kusiya chitseko chotsegula kuti, amati, mpweya uzilowa. Mnyamata wina wa vidiyo shoo anachita zimenezo nditamuletsa, ndipo babu lake silinakhalitse, chifukwa chitseko chikakhala chotsegula mpweya wa fani umathawira panja osadutsa pa babu, osanenanso za kuwala koopsa kumene kumatulukira pamenepo ana ali pafupi.

Ngati babu ndi latsopano, chitseko chili bwino, koma TV ya DLP ikukanabe, mverani phokoso. M'kati muli kagudumu ka magalasi amitundumitundu kamene kamazungulira mothamanga kwambiri, ndipo TV siyatsa babu kagudumu kameneka kasanafike pa liwiro lake. Kakatha, kamalira mokweza ngati makina ometera tsitsi, ndipo kakasweka mumamva timagalasi tikugubuduka. Kagudumu ndi balasiti, zimenezo n'za wokonza.

Ndibwerere pang'ono ku nkhani ya magetsi, chifukwa ndinaidumpha. TV ya babu mukaizimitsa ndi rimoti, fani imapitiriza kuzungulira kwa kanthawi kuti iziziritse babu. Amene amazimitsira pakhoma nthawi yomweyo akufupikitsa moyo wa babu, ndipo kuthima kwa magetsi mwadzidzidzi kumachitanso chimodzimodzi. Magetsi akathima TV ili chiyakire, chotsani pulagi, ndipo akabwera musathamangire kuyatsa, chifukwa babu lotentha limakana kuyaka ndipo mudzaganiza kuti lafa pamene likungofuna mphindi zingapo. Amene ali ndi UPS ya kompyuta yamphamvu zokwanira, ija imasunga magetsi mu batire, aigwiritse ntchito, osati kuti azionera kanema magetsi atathima, koma kuti apeze mpata wozimitsa bwino.

Ya machubu atatu ija ndiinena mwachidule, chifukwa malangizo ake aakulu ndi akuti musatsegule. M'kati mwake muli magetsi ofika mavoliti pafupifupi 30,000, ndipo zipangizo zina zimasunga moto ngakhale pulagi itachotsedwa. Chimene mungachite ndi kuona ndi kukauza wokonza. Ngati masiku a m'mbuyomu mitundu inasiyana, nkhope ya munthu n'kukhala ndi mthunzi wofiira mbali ina ndi wabuluu mbali ina, mizere yowongoka n'kupindika, kenako TV n'kuyamba kuzima ikangoyatsidwa, olakwa nthawi zambiri ndi ma IC (zipangizo za miyendo yambiri za pa bodi) ogwirizanitsa mitundu, amene pa ma TV ambiri nambala yake imayamba ndi STK392. Akamapsa amawotchanso timafyuzi ndi timarezisita tapafupi, ndiye wokonza asinthe zonsezo pamodzi ndi kupaka mafuta atsopano otulutsa kutentha, apo ayi atsopanowo apsanso. Chinanso, pakati pa chubu chilichonse ndi lenzi yake pali madzi oziziritsa, ndipo mphira wotsekera ukakalamba madziwo amadonthera pa bodi n'kuyamba kudya tinjira ta magetsi. Mukaona chinyezi choterera pansi pa TV, musaiyatsenso.

Yotsala ndi ija yozima mosatsata nthawi, lero mphindi 5, mawa tsiku lonse osavuta, kapena imene m'mawa kukazizira imavuta kuyaka. Pa mitundu yonse iwiri, wokonza ayang'ane makapasita a pa bodi ya magetsi (ooneka ngati timigolo ting'onoting'ono), amene akatopa amatupa pamwamba kapena kutuluka utomoni, ndiponso malo owotcherera amene ang'ambika ndi kutentha, makamaka pa miyendo ya zipangizo zolemera. Makapasita ndi otsika mtengo ndipo amapezeka kwa ogulitsa zipangizo za mawailesi. Babu lenileni, balasiti ndi kagudumu nthawi zambiri n'zochita kuitanitsa kunja, choncho wokonza akakuuzani kuti zafa ziwiri mwa zitatuzi, funsani mtengo wa zonse pamodzi ndi wotumizira, muuyerekeze ndi mtengo wa TV yopyapyala ya LED musanapereke ndalama ya chipangizo choyamba.