Magazi pa mswachi: zomwe zimagwirizanitsa usinini, shuga ndi pakati

[Chithunzi: mayi woyembekezera akutsuka mano pakhonde m'mamawa, ku Ulongué]

Moni amayi nonse, kuyambira ku Angónia, Tsangano, Macanga mpaka ku Zóbuè. Lero tikambirane za timagazi timene timatuluka mu usinini mukamatsuka mano muli ndi pakati. Ambirife timangolavula n'kupitiriza ntchito. Ine ndikuti tisamatinyozere.

Mwina munamvapo kuti mwana ali m'mimba amayamwa mphamvu ya mano a mayi ake. Ayi ndithu, mwana sakhudza mano. Chimene chimachitika n'chakuti mahomoni a pakati (timadzi ta m'thupi tolamulira mmene thupi limagwirira ntchito) amafewetsa usinini, ndipo tizilombo tokhala m'mphepete mwa mano timautupitsa mosavuta. Bungwe la CDC la ku America limati amayi 60 mpaka 75 pa 100 alionse oyembekezera amatupa usinini. Onjezanipo nseru: asidi wa m'masanzi amadya chikuto cha dzino. Onjezaniponso nzimbe, mandazi ndi tiyi wothira shuga wambiri zomwe mtima umafuna pafupipafupi. Dzino libooka basi.

[Chithunzi: namwino akutenga magazi]

Tsopano mvetserani bwino apa. Kutupa kwa m'kamwa sikuthera m'kamwa. Thupi likamalimbana ndi tizilombo, limatulutsa timapuloteni tina m'magazi, monga IL-6 ndi TNF-alpha. IL-6 ikafika ku chiwindi, chiwindi chimapanga CRP, puloteni yomwe akatswiri Tillett ndi Francis anaitulukira mu 1930. Paja akuluakulu amati utsi sufuka popanda moto. CRP ikakwera ndiye kuti penapake m'thupi patupa. Koma siinena kuti ndi pati. Malungo amaikweza, chibayo chimaikweza, dzino lochita mafinya nalonso limaikweza.

Nanga shuga akubweramo bwanji? Timapuloteni tomweti timachititsa kuti thupi lisamamvere bwino insulini, imene imachotsa shuga m'magazi kumulowetsa m'minofu. Mayi woyembekezera amakhala kale pa mpanipani, chifukwa nsengwa imatulutsa mahomoni ofooketsa insulini, makamaka pakati pakamakula. N'chifukwa chake shuga wa pakati, kutanthauza matenda a shuga oyamba mayi ali woyembekezera, amayezedwa pa masabata 24 mpaka 28. Shugayo akakwera, m'kamwa mumauma, tizilombo timachulukana, mabala a mu usinini amachedwa kupola, kutupa kumawonjezeka, ndipo shuga amavutanso kutsika. Chimodzi chikukankha chinzake.

Chondilimbitsa mtima n'chakuti zimathekanso kubwezera. Mu 2022 bungwe la Cochrane linasonkhanitsa zofufuza zambiri za anthu odwala matenda a shuga, n'kupeza kuti kuchiza usinini kumatsitsa muyezo wa HbA1c ndi pafupifupi 0.4 peresenti pakatha miyezi 3 kapena 4. Muyezo umenewu umasonyeza mmene shuga wakhalira m'magazi m'miyezi iwiri kapena itatu yapita. Nambalayi ikuoneka yochepa, koma kwa wodwala shuga ndi phindu lenileni.

[Chithunzi: amayi pamzere wa sikelo]

Mukapita ku sikelo, auzeni anamwino kuti usinini ukutuluka magazi kapena dzino likuwawa, ngakhale asanakufunseni. Funsaninso zoyezetsa shuga, makamaka ngati alipo odwala shuga kumtundu kwanu, kapena munabadwitsapo mwana wolemera makilogalamu 4 kupita m'mwamba. Musaope dokotala wa mano: kutsukitsa, kumatitsa ngakhale kuzulitsa dzino n'kotheka muli ndi pakati, bola muwauze.

Kunyumba, tsukani mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, yomwe imalimbitsa mano, ndipo musasiye chifukwa choona magazi. Mukasanza, chukuchani ndi madzi kaye, mswachi udikire kanthawi chifukwa dzino limakhala litafewa ndi asidi. Ndipo inu amene anakupezani ndi shuga wa pakati, mukayezetsenso pakatha milungu 6 mpaka 12 mwana atabadwa, chifukwa matendawa amatha kudzabweranso patsogolo mulibe pakati.