Daiva akapanda kutuluka m'madzi, usayambe wasuntha boti

Halo, mphwanga, ndine malume ako kuno ku Chipata. Amai ako andiuza kuti Lolemba uwoloka pa boda ya Mwami kupita ku Cape Maclear pa nyanja ya Malawi, ati wapeza ntchito pa boti ya ma daiva aja, azungu obira pansi pa madzi ndi thanki kumsana. Zikomo, nchinthu chabwino kwambiri. Manje mvera voisi iyi mpaka kumapeto, olo italike, chifukwa iwe ndiwe amene uzitsala pamwamba pomwe anzako ali pansi, ndipo tsiku lina mmodzi akadzachedwa kutuluka maso onse adzakhala pa iwe.

Choyamba... ayi dikira, ndiyambe ndi pa gombe, boti isananyamuke. Lemba maina. Osati kuwerenga mitu chabe, ndati maina, papepala, aliyense ndi mnzake amene alowa naye, ndi nthawi imene alowa m'madzi. Akatuluka uziitana dzina limodzi limodzi munthu ayankhe yekha ndi pakamwa pake. Uziona ngati zachibwana koma mu 1998 ku Australia, pa Great Barrier Reef, boti inasiya mwamuna ndi mkazi wake a ku America m'nyanja chifukwa anthu anawerengedwa molakwika, anadzazindikira patapita masiku 2 ataona chikwama chao chili m'boti. Sanapezeke mpaka lero. Ndiye maina, wamva?

Manje tinene kuti nthawi yakwana. Kawirikawiri amauzana kuti tikhala pansi mphindi 45 kapena ola limodzi, thanki ya mpweya amalowa nayo ili pa 200 bar, ndiye kuti yodzaza, ndipo amayenera kubwera isanathe. Ena onse akwera, mmodzi kulibe. Mnzake akuti tinatayana pansi. Lamulo lao ma daiva ndi lakuti mukatayana mufunane mphindi imodzi chabe kenako aliyense akwere, so ngati mnzakeyo wakwera ndipo winayo sakuoneka, yamba kuda nkhawa pomwepo, usati tidikire pang'ono mwina akujambula nsomba.

Apa ndiye mvetsetsa. Usasunthe boti. Ndibwereze, usazule nangula, usalize injini, usanaike chizindikiro pamalopo. Yang'ana wochi, lemba nthawi. Ngati pali GPS, kamakina kosonyeza malo, dina pomwepo isunge malo. Kenako ponya chigubu chomangirira chingwe chachitali ndi chitsulo kapena mwala kunsi, chikhale pamene munthuyo anaonekera komaliza. Chingwe chifike pansi, eti, chisalendewere, apo ayi chigubucho chiyenda nacho.

Ndikukamba izi chifukwa zinatichitikira pa boti ina imene ndinkagwirapo. Kunali mwera, mphepo ija yochokera kumwera imene imavuta kuyambira cha mu May mpaka August, mafunde ali phwaa phwaa m'mbali mwa boti. Mayi wina sanatuluke. Kaputeni mtima unamuthawa, anazula nangula nkuyamba kuzungulira uku ndi uku, aliyense akuloza kwake, wina ati kuno, wina ati ayi kuja. Titati tibwerere pamene tinali, panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti mpati. Madzi amafanana ponseponse mwana wanga, si munda woti upeza chulu kapena mtengo wa msuku nkunena kuti malire ndi apa. Ma daiva awiri amene anali okonzeka kulowa kukafuna pansi tinalibe powalowetsa. Mwamwayi mayiyo anali pamwamba kale, anatulukira patali mafunde akumubisa, asodzi a bwato ndi amene anamutola dzuwa litapendeka, milomo itachita kuuma, akunjenjemera. Akanakhala kuti wakodwa pansi mu ukonde wakale, tikanamutaya chifukwa cha kusuntha kuja.

Ngati GPS kulibe, kapena batire yatha, zimachitika, gwiritsa maso. Yang'ana kumtunda upeze zinthu ziwiri zimene zaima mzere umodzi, mwachitsanzo mwala waukulu wa pa chilumba cha Thumbi ndi nsonga ya phiri kuseri kwake. Kenako tembenuka upeze zina ziwiri mbali ina. Ndikudziwa apa ndakusokoneza. Ndikuti chonchi, chinthu cha pafupi ndi chinthu cha kutali zikhale chimodzi kumbuyo kwa chinzake, mizere iwiri yotero, pamene ikumana ndi pamene uli. Uzichita zimenezi tsiku lililonse mukangoponya nangula, olo zonse zili bwino, chizolowezi chilowe.

Eya, ndinaiwala, chigubu chachiwiri. Ichi usamangirire mwala, thiramo madzi chitsale pang'ono kumira, uchiponye chiziyenda chokha. Kumene chikupita ndi kumene munthu woyandama akupita. Osayesa ndi boti, boti imakankhidwa ndi mphepo kwambiri kuposa munthu amene thupi lonse lili m'madzi mutu wokha uli kunja.

Uku ukuchita izi wina aziomba chitsulo, makwerero a boti kapena thanki, ngo ngo ngo, phokoso limayenda bwino pansi pa madzi ndipo amauzidwa asanalowe kuti akamva zimenezo akwere. Wina akwere pamalo okwera kwambiri pa boti, ntchito yake ikhale kuyang'ana basi, asagwire china. Ayang'ane thovu, ayang'ane ka chibaluni kofiirira kaja kotalika kamene daiva amafufumitsa akatuluka. Injini ikhale chete kuti mumve wezulo. Akaona mutu aloze ndi dzanja osatsitsa, osachotsa maso, chifukwa mutu wa munthu pakati pa mafunde ukangophethira wasowa. Munthu akaika dzanja pamutu ndiye kuti ali bwino, akamakupiza mkono ndiye kuti zavuta, si moni ameneyo.

Ka chibaluni kameneko, pali bambo wina ankakana kukanyamula, ati ndabira nyanja zambiri ine, katundu wachabe. Wezulo naye anakana. Tsiku lomwelo anatulukira kuseri kwa miyala, akutiona ife osamuona, anakuwa mpaka mawu kutha. Uziwayang'ana asanalowe, amene alibe umuuze mwaulemu, akakana uza wamkulu wa ulendo.

Itana thandizo msanga, osachita manyazi. Pa wailesi ya boti ndi chanelo 16, koma pa nyanja ija foni ndiyo imagwira ntchito kwambiri, so ukangofika sunga manambala a ofesi yanu, a boti zinzanu, ndi apolisi a pamadzi a ku Monkey Bay. Asodzi a ku Chembe, mudzi wa pa Cape Maclear pomwepo, usawadelere, amadziwa kumene madzi amakokera nyengo iliyonse kuposa makina. Uwauze nthawi imene munthu anaonekera komaliza, malo, ndi mtundu wa zovala zake. Bola akuseke kuti unaitana pachabe.

Ndipo iwe usadumphire. Ndikudziwa umasambira, unkasambira pa damu la Lutembwe uli mwana amai ako akukalipa, koma iyi ndi nyanja, malo ena imapitirira mamita 600 kuya kwake. Kufuna pansi ndi kwa ma daiva ophunzira, awiri awiri, amene mpweya ulipo wokwanira, amayambira pa chigubu chija nkumazungulira ndi chingwe akukulitsa bwalo. Kuli mnyamata wina anadumpha ndi magalasi okha ati ndimuona, tinayamba kufuna anthu awiri m'malo mwa mmodzi.

Mukayamba kuyenda ndi boti, chigubu choyamba chitsale, tsatirani chachiwiri pang'onopang'ono, ndipo mukayandikira munthu zimitsani injini, pulopela imadula.

Mukamukweza, ngati sakupuma mupumireni mkamwa kasanu kenako kanikizani pachifuwa ka 30, mpweya kawiri, osaleka. Ngati akupuma mugonekeni, mufunditseni, mupatseni okosijeni, botolo lake uzidziwa pamene limakhala ndi kutsegula kwake usanafike tsiku la vuto. Akamadandaula kuwawa m'mapewa kapena m'mawondo, dzanzi, chizungulire, ndi matenda aja obwera munthu akakwera mothamanga osaima mphindi 3 pa mamita 5. Wina adzakuuza kuti mubwezereni m'madzi zithe, ukane. Kuchipatala, ndipo adokotala auzidwe kuti munthuyu anali pansi, mamita angati, nthawi yaitali bwanji, kawochi kake ka pamkono kapite naye chifukwa kamasunga zonsezo. Olo aoneke bwino asakwere ndeke tsiku limenelo, zizindikiro zina zimadzabwera usiku.

Pepala la maina lija uziika mu pulasitiki, limanyowa, ndipo lemba ndi pensulo, bolopeni imafufutika. Ukafika ku Lilongwe undiimbire ndikuuze za basi ya ku Monkey Bay.